Galimoto ikamakana kukhota: kuchepetsa understeer pa kagalimoto kopepuka ka sipoti

Mwalowa pakona, mwapotokola chiwongolero, koma mphuno ya galimoto ikungopitabe kutsogolo, matayala akutsogolo ayamba kulira, mukuwonjezera kukhotetsa koma ayi ndithu ikungothawira kunja kwa kona. Imeneyo nde understeer. Chachitika n'choti matayala akutsogolo afika pamapeto pa mphamvu zawo zogwira msewu pomwe akumbuyo akadali nazo zotsala, ndiye galimoto ikutenga njira yotambalala kuposa yomwe manja anu akufuna.

Pa tigalimoto topepuka ta sipoti monga Mazda MX-5, Lotus Elise, Caterham Seven kapena Toyota MR2, zimenezi zimakonzeka ndithu, ndipo nthawi zambiri osagula n'komwe chitsulo chatsopano. Elise yoyamba ya 1996 inkalemera makilogalamu 725 okha, MX-5 ya 1989 sinkafika ndi tani imodzi yomwe, nde pa galimoto zotere mukangosintha mpweya wa m'matayala ndi 2 psi (muyeso wa pa geji ya mpweya) mumazimva m'manja pompo. Koma kupepuka komweko kumapangitsanso kuti mukalakwitsa muzimve pompo, mumangozindikira mukuyang'ana komwe mwachokera galimoto itatembenuka kale. Nde tiyeni tizipita nazo pang'onopang'ono.

Choyamba muzidziwa kuti understeer imeneyi opanga galimoto anaiika dala, sikuti analephera ntchito. Tengani Elise ya m'badwo wachiwiri, inkatuluka mufakitale ndi matayala a 175/55 R16 kutsogolo ndi 225/45 R17 kumbuyo, kusiyana kwa mamilimita 50 athunthu m'lifupi mwa tayala, ndipo injini ili kuseri kwa mipando moti pafupifupi 60 peresenti ya kulemera konse yakhala pa matayala akumbuyo. Chifukwa chake n'chosavuta, munthu akachita mantha pakona chinthu choyamba amachotsa phazi pa moto. Galimoto ikakhala ya understeer kuchotsa phaziko kumathandiza, liwiro limatsika, kulemera kumabwera kutsogolo, matayala amagwiranso. Ikakhala yoti kumbuyo ndi komwe kumayamba kuterera, kuchotsa phazi komweko kumapepukitsa kumbuyo nde kumangokupitirirani. Ndekuti ntchito yathu sikuichotseratu yonse ayi, ndi kuichepetsa mpaka galimoto izimvera chiwongolero, n'kusiyako kangachepe koti kadzakupulumutseni tsiku la mvula.

Ikukana pati?

Funso limeneli ambiri amalilumpha n'kuthamangira kogula zitsulo. Kona ili ndi magawo ake. Pali polowa pomwe mukusiya buleki n'kuyamba kukhotetsa, pali pakati pomwe galimoto yakhazikika yapendekeka kale ndipo phazi silikuchita zambiri, ndiye pali potuluka mukayamba kuponda moto. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo tiwafotokoza pansipa. Ikamakana polowa ganizirani za mapazi anu, toe ndi mashoko. Pakati nkhani yake ndi matayala, camber ndi stabilizer. Potuluka kawirikawiri ndi phazi lofulumira kapena difu, magiya aja ogawira matayala akumbuyo mphamvu ya injini. Onaninso ngati ikuchita zimenezi m'makona oyenda pang'onopang'ono kapena othamanga okha, komanso ngati ikukana kumanzere kokha kumanja ikukhota bwinobwino, chifukwa ikakhala mbali imodzi yokha ndekuti pali china chopindika, chakutha kapena chomwe sichinachunidwe mofanana, ndipo mukagula stabilizer yatsopano pa vuto limenelo mwangotaya ndalama basi.

Ndinene zomwe anthu safuna kumva, understeer yambiri imachokera pampando wa dalaivala. Mphamvu yomwe matayala amafunika kuti akhotetse galimoto siikwera mofanana ndi liwiro, imakwera ngati liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Kona yomwe mumalowa pa 50 km/h mukailowa pa 60, matayala akufunika kugwira ndi 44 peresenti kuposa poyamba, osati 20. Palibe makaniko yemwe angakupezereni 44 peresenti ndi sipanala. Komanso tayala mphamvu yake yogwirira msewu ndi imodzi yomweyo ndipo imagawidwa, mukaithera pa buleki ndekuti yokhotera yatsala yochepa. Nde munthu amene akupondabe buleki mwamphamvu uku akupotokola chiwongolero modzidzimutsa akupempha tayala ntchito ziwiri zodzaza nthawi imodzi, silingathe.

Koma palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, komwe kumavuta kwambiri eni a Elise ndi MR2. Kutsogolo kwa galimoto zimenezi kulibe injini, n'kopepuka, nde mukasiya buleki yonse mukadali mowongoka kenako n'kukhotetsa, mphuno yadzuka kale, matayala akutsogolo alibe chowapanikiza pansi. Chofunika ndi kumaliza kuchepetsa liwiro lambiri mukadali mowongoka, kenako kumasiya buleki pang'onopang'ono uku mukukhotetsa, chiwongolero chikamawonjezereka phazi lizichoka, kuti kulemera kwina kutsale pamphuno mpaka italoza mkati. Zimafuna kuyeserera, ndipo pa galimoto ya injini pakati mukakhalitsa pa buleki kumbuyo kumatuluka, nde yambani mofatsa. Ikayamba kale kuthawa musawonjezere kukhotetsa. Tayala limagwira kwambiri likapotoka madigiri ochepa chabe, mukapitirira pamenepo likungokhula phula. Bwezani chiwongolero pang'ono, chepetsani moto mosadzidzimutsa, dikirani ligwire. Mtima umakana kubweza chiwongolero uku mukuona mphepete mwa msewu mukuyandikira, koma ndi momwe zimathekera.

Musanachune chilichonse ikwezeni pa jeke muone ngati zonse zili zamoyo. Mabushi ong'ambika, bolojointi yogwedera, ma tie rod akutha, shoko yodontha mafuta, zonsezi zimapangitsa kuti tayala liziloza kwina galimoto ikalemedwa pakona, ndipo alayimenti yomwe munachunitsa galimoto ili chiimire imasanduka yabodza. MX-5 zoyambazo zapitirira zaka 30 tsopano, labala wa zaka zimenezo musamukhulupirire olo akuoneka bwino kunja.

Matayala ndi mpweya

Matayala nde nkhani yaikulu kuposa zonse zikubwerazi. Yang'anani manambala 4 omaliza pa chizindikiro cha DOT m'mbali mwa tayala, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, 2319 ndekuti sabata ya 23 ya 2019. Tigalimoto iti timakhalitsa mugalaja ndipo poti ndi topepuka sitidya matayala, makamaka akutsogolo, nde mumapeza tayala mizere yake ikadali yakuya koma labala anauma kalekale. Pa galimoto yokankha ndi kumbuyo akumbuyo ndi omwe amatha msanga, mwini wake amagula awiri atsopano kumbuyo n'kusiya akale ouma kutsogolo, kenako akudabwa kuti bwanji ikukana kukhota. Ikani a mtundu umodzi onse anayi, a msinkhu wofanana.

Kukulitsa akutsogolo kumathandizanso ngati kusiyana kuli kwakukulu. Lotus eni ake pa Exige ya m'badwo wachiwiri ankaika 195/50 R16 kutsogolo pa malimu otambalala, nde si njira yongopeka. Kungoti musapanikize tayala lalikulu pa limu yopapatiza, m'mbali mwake mumafufuma n'kumagwedera, chiwongolero chimachedwa kuyankha kuposanso kale.

Mpweya suvuta kusintha nde musauderere. Yambani ndi zomwe zalembedwa pachitseko kapena m'buku la galimoto, zomwe ndi za matayala ozizira, muona kuti ndi zotsika poyerekeza ndi za galimoto zazikulu, MX-5 yoyamba ndi 26 psi yomwe ndi pafupifupi 1.8 bar. Vuto lofala ndi loti wina wangopopa 35 psi ponseponse mwachizolowezi, pa galimoto yopepuka tayala lotero limagunda pansi ndi pakati pokha ndipo limadumphadumpha. Kuchepetsa kwambiri nakonso n'koipa, tayala limapindikira m'mbali pakona. Njira yakale yodziwira ndi ya choko. Jambulani mizere itatu kapena inayi kuchokera paphewa la tayala kutsikira m'mbali, kathamangeni makona angapo, mubwere muone pomwe chafufutika. Chikafufutika mpaka kutsikira m'mbali ndekuti mpweya wachepa kapena camber yachepa. Chikatsala chonse osakhudzidwa n'komwe paphewa, mwapopa kwambiri. Muzisintha ndi 2 psi nthawi imodzi, ndipo muziyeza akadali otentha mukangoima chifukwa mpweya umakwera ndi kutentha, pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 alionse, moti pa tilaki kukwera ndi 4 psi kapena 6 si zachilendo. Geji ikhale yanuyanu imodzi, mageji amasiyana.

Alayimenti

Apa mpomwe ineyo ndimaona kuti pali phindu lalikulu pa ntchito yochepa. Galimoto ikapendekeka pakona, tayala lakunja, lomwe lasenza ntchito yambiri, limapendekekanso n'kumayendera m'mphepete mwake mwakunja. Negative camber ndi kupendeketsa mutu wa tayala mkati pasadakhale kuti pakona likhale pansi lonse bwinobwino. Mufakitale amaika yochepa kutsogolo, penapake pafupi ndi ziro, pofuna understeer ija komanso kuti matayala azitha mofanana. Pa galimoto yoyenda mumsewu n'kumapita ku tilaki mwa apo ndi apo, madigiri -1 mpaka -1.5 kutsogolo ndi poyambira pabwino. Ya tilaki yeniyeni ya matayala omata anthu amafika -2.5 kapena -3. Mukapitirira muyeso mabuleki amafooka poima mowongoka chifukwa tayala likugunda pansi ndi mkati mokha, ndipo galimoto imayamba kutsatira kalikonse kokumbika mumsewu.

Kachunidwe kake kamasiyana ndi galimoto. MX-5 ili ndi ma wishbone awiri (mikono yogwira tayala kumtunda ndi kumunsi) kutsogolo komanso mabawuti a cam omwe mukawazunguza camber ndi caster zimasuntha, palibe chogula. Elise ndi ya timashimu, tizitsulo topyapyala pa upright (chitsulo chomwe chimanyamula tayala), mukachotsako negative camber imawonjezereka. Galimoto za MacPherson strut kutsogolo (zomwe shoko yomweyo ndiyo imagwira tayala kumtunda), monga MR2, Toyota 86 ndi Subaru BRZ, sizipeza camber yambiri zikamapendekeka, nde zimafuna yochuluka poyambira pomwe, ndipo kawirikawiri pamafunika mabawuti apadera a camber kapena ma plate osunthika pamwamba pa strut.

Musamangokopera manambala a mnzanu, tayala lenilenilo likuuzani. Mukapeza kachipangizo koyezera kutentha kwa tayala, kabwino ndi ka singano kolasa mu labala chifukwa pamwamba pamazizira msanga, yezani malo atatu mukangoima: mkati, pakati ndi kunja. Kunja kukatentha kuposa mkati camber yachepa. Chomwe mukufuna ndi mkati motentha pang'ono, madigiri 5 mpaka 10 kuposa kunja, pakati pakhale pakatikati pa ziwirizo. Pakati pakatentha kuposa mbali zonse ziwiri mpweya wachuluka, pakazizira kuposa zonse wachepa.

Caster ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe tayala limatembenukirapo mukamakhotetsa, anthu amaiiwala koma ndi yokoma. Ikachuluka, tayala lakunja limapeza negative camber yowonjezera pokhapokha mwakhotetsa, mukawongola imachoka, ndekuti mukupindula pakona osadya tayala mowongoka. Kuipa kwake chiwongolero chimalemera, pa galimoto yopanda power steering ngati Elise mumazimva m'mapewa poimika. Ingoonetsetsani kuti mbali zonse ziwiri ndi zofanana, apo ayi izikokera mbali imodzi.

Toe ndi komwe matayala aloza mukawayang'ana kuchokera pamwamba. Kutsogolo, kuchoka pa toe-in (kuloza mkati) kupita pa ziro kapena pa toe-out (kuloza kunja) ya milimita 1 mbali zonse pamodzi kumapangitsa mphuno kuluma msanga polowa. Koma toe ndi yomwe imadya matayala kuposa camber, ndipo toe-out ikachuluka galimoto imayendayenda pa liwiro lalikulu, manja sapuma. Kumbuyo musaseweretse. Kuchepetsa toe-in yakumbuyo kumathandizadi galimoto kuzungulira pakona, koma siyani ka toe-in kakang'ono nthawi zonse, ndipo toe-out kumbuyo pa galimoto ya injini pakati ayi, olo wina akuuzeni zotani. Toyota eni ake anachita kusintha sasipenshoni ya MR2 ya m'badwo wachiwiri cha mu 1992 chifukwa kumbuyo kunkatuluka mwadzidzidzi anthu akachotsa phazi pakona, nde si zoti munthu uziyambitse wekha mwadala. Pochuna yambani camber ndi caster, toe ikhale yomaliza chifukwa zinzakezo zimaisuntha, ndipo mukhalemo pampando kapena muikepo katundu wolemera ngati inu.

Stabilizer ndi zinzake

Stabilizer ndi chitsulo chokhota chija cholumikiza tayala lamanzere ndi lamanja, ndipo ambiri amasokonezeka nacho chifukwa zimaoneka ngati zatembenuzika. Tayala mukalipanikiza pansi limagwira kwambiri, zoona, koma mukawirikiza kawiri kulemera komwe lasenza, kugwira kwake sikuwirikiza kawiri, kumaperewera. Ndekuti matayala awiri ogawana kulemera mofanana amagwira kwambiri kuposa limodzi lolemedwa ndi linzake lopepukidwa. Pakona kulemera kumasamukira kunja, ndipo kuchuluka kwa komwe kusamuke stabilizer siikuchepetsa kwenikweni, kumadalira kuti kulemera kwa galimoto kuli m'mwamba bwanji, matayala atalikirana bwanji, ndiponso mukukhota mwamphamvu bwanji. Chomwe mungasinthe n'choti kusamukako kuchitikire kwambiri kutsogolo kapena kumbuyo. Mbali yolimba ndi yomwe imasenza kwambiri nde ndi yomwe imayamba kuterera. Choncho kufewetsa kutsogolo kapena kulimbitsa kumbuyo kumachepetsa understeer.

Samalani ndi manambala ake. Kulimba kwa chitsulochi kumakwera mofulumira kwambiri kuposa kunenepa kwake, kuchoka pa mamilimita 20 kupita pa 22 diso limaona ngati palibe chasintha koma chalimba ndi pafupifupi 46 peresenti. N'chifukwa chake yokhala ndi mabowo angapo kumapeto ndi yabwino, bowo lamkati lofupikitsa mkono ndi lolimba, lakumapeto kwenikweni ndi lofewa, mumasuntha bowo limodzi n'kukayesa.

Ineyo ndimati yambani ndi zomwe zimapatsa kutsogolo mphamvu, kulimbitsa kumbuyo kubwere mochedwa. Mukalimbitsa kumbuyo galimoto imakhotadi, koma gawo lina la kukhotako labwera chifukwa mwalanda kumbuyo mphamvu zake, ndipo pa galimoto yokankha ndi kumbuyo stabilizer yolimba imanyamula tayala lamkati, potuluka likungozungulira chabe mlengalenga makamaka difu ikakhala wamba yosatseka. Elise zambiri zilibe n'komwe stabilizer yakumbuyo, zonse zimachitikira kutsogolo. Palinso kamsampha kena, galimoto ya strut yofewa kwambiri yomwe imapendekeka mpaka kutaya camber yonse, penapake stabilizer yolimba kutsogolo ndi yomwe imachepetsa understeer chifukwa tayala laimanso bwino. Nde lamulo lija likakukanani musadabwe, kayang'aneni choko ndi kutentha kuja muone ngati vuto si kupendekeka.

Masipuling'i lamulo lake ndi lomwelo, olimba kutsogolo understeer, olimba kumbuyo, kumbuyoko kumamasuka. Koma pomwe anthu amadziwonongera galimoto ndi potsitsa. Galimoto yotsika imaoneka bwino, palibe akutsutsa, kungoti shoko ili ndi ulendo wake waufupi ndipo kumapeto kwake kuli kalabala kotchinga, bump stop. Mukatsitsa kwambiri, pakona tayala lakunja lakutsogolo limakakhala pa kalabala kameneko, kulimba kumakwera mwadzidzidzi, nde mphuno yomwe imalowa bwinobwino ikungothawa pakati pa kona kapena ikangogunda kabampu. Poyeza, mangani cable tie pa ndodo ya shoko, muikankhire pansi, kathamangeni, mukapeza yakankhidwira mpaka kukalabala ndekuti ulendo watha, kwezani galimoto kapena pezani mashoko afupiafupi opangidwira kutsikako. Pa strut yang'ananinso mkono wapansi, ukayamba kuloza m'mwamba kupita kutayala mwatsitsa mopyola, galimoto izipendekeka kuposa kale olo ili pansi. Ngati muli ndi ma coilover, mashoko omwe mpando wa sipuling'i umasunthika, kutsitsa mphuno kapena kukweza kumbuyo ndi mamilimita 5 okha kumasintha khalidwe lake kulowera komwe tikufunaku. Mukangogwira kutalika, alayimenti ibwerezedwe, yasuntha.

Mashoko ochunika amakopa chifukwa ndi kungozunguza kachotsekera, koma kumbukirani kuti shoko imagwira ntchito pokhapokha sasipenshoni ikuyenda. Galimoto ikakhazikika pakati pa kona yaitali yosalala, shoko ilibe zonena zambiri, nde understeer ya pakati musailimbane ndi makiliki a kachotsekerako. Polowa ndi pomwe imathandiza, fewetsani compression (kupanikizika kwa shoko) yakutsogolo kapena limbitsani pang'ono rebound (kubwerera kwa shoko) yakumbuyo. Makiliki awiri nthawi imodzi, ndipo muziwerenga kuchokera kolimba kwenikweni kuti mbali zonse zifanane. Kulimbitsa zonse mpaka mapeto poganiza kuti kulimba ndiye sipoti kumangopangitsa tayala kudumpha mabampu mmalo mowatsatira, ndipo kagalimoto kopepuka kalibe kulemera kolibwezera pansi.

Kulemera kwa inuyo nakonso ndi nkhani. Munthu wa makilogalamu 80 mu galimoto ya makilogalamu 750 ndi kuposa 10 peresenti, ndipo wakhala mbali imodzi. Malita 40 a petulo ndi makilogalamu pafupifupi 30, nde galimoto ya thanki yodzaza ndi ya thanki yotsala pang'ono ndi ziwiri zosiyana. Ngati ikukana mbali imodzi yokha koma zitsulo zonse zili bwino, ikwezeni pa masikelo anayi inu muli mkati, stabilizer itamasulidwa. Phatikizani tayala lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, zikwane theka la kulemera konse. Zikapanda kukwana amasuntha mipando ya masipuling'i mpaka zitafanana. Izi zimatheka ndi ma coilover okha.

Difu ndiitchule mwachidule. LSD, difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha, ikakhala ya ma clutch yotseka mwamphamvu imakakamiza matayala akumbuyo kuzungulira mofanana, pomwe pakona lakunja limayenera kuthamanga kuposa lamkati, nde imakankha galimoto kupita mowongoka, makamaka m'makona othina, ndipo ya 2-way, yotseka olo phazi litachoka pa moto, imachita zimenezi polowa pomwe. LSD ya magiya ya mtundu wa Torsen ngati ya MX-5 zina sivutitsa kwambiri phazi likachoka. Ndipo ngati understeer yanu imabwera pa liwiro lalikulu lokha ndipo mwaika chiphiko chachikulu kumbuyo popanda splitter (kamlomo kakunsi kwa bampala kopanikiza mphuno pansi ndi mphepo) kutsogolo, musafunefune kwina, chepetsani kupendekeka kwa phikolo.

Poyesa zonsezi pitani ku tilaki kapena pamalo otsekedwa otambalala opanda chogunda, mumsewu wa anthu simungafike pamapeto pa matayala mobwerezabwereza osaika wina pangozi, komanso tigalimoto takaleti tilibe kompyuta yokuwongolerani mukaterera. Sinthani chinthu chimodzi, kayeseni pa makona omwewo, lembani. Mukasintha mpweya, camber ndi stabilizer tsiku limodzi galimoto n'kukoma simudziwa chathandiza, ikaipa simudziwa chobweza. Lembaninso kutentha kwa tsikulo ndi mafuta omwe anali mu thanki. Kayesedwe kosavuta ndi kozungulira bwalo limodzi lomwelo n'kumawonjezera liwiro pang'onopang'ono, ngati mukufunika kumawonjezera chiwongolero chambiri kuti mukhalebe pamzere ndekuti understeer ikadali yambiri, ngati mukuwonjezera pang'ono chabe mwayandikira. Kenako pa liwiro lotsika, muli pakati pa bwalolo, chotsani phazi pa moto mwadala. Mphuno ikalowa mkati mofatsa inu osachita kanthu, zili bwino. Kumbuyo kukatuluka mpaka mwachita kubweza chiwongolero mwachangu, bwezani chomwe munasintha komaliza, kenako mudzayesenso chimodzimodzi phula litanyowa musanaitenge ulendo wautali.